Njanji, njinga ndi mbalame za kugombe: kuchokera ku Salima kukafika ku Chipoka

Ndimakonda kunyamuka pa Kamuzu Road kusanayere bwino, a kabaza akungopukuta kumene mame pamakeliyala, amayi a zitumbuwa asanayale malonda. Nthawi imeneyo mpweya wa ku Salima umakhala usanatenthe, ndipo ukalunjika kumwera potsata msewu wa M5 umapeza kuti njanji ikuyenda nawe limodzi, pena pafupi pena patali, mpaka ku Chipoka kumene imakagunda nyanja. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Pa minibasi ndi ulendo wosakwana ola, ndipo sudzaona kanthu kupatula msana wa mnzako. Pa njinga yakapalasa ine umanditengera m'mawa wonse, chifukwa ndikafika pamlatho wa Linthipe ndimatsika, ndikaona chithaphwi m'mbali mwa njanji ndimatsikanso. Chimene chimanditsitsa ndi mbalame.

Kumaiko ena zinthu zitatuzi, njanji, njinga ndi mbalame, anazimanga mtolo umodzi kalekale. Njanji ikasiya kugwira ntchito amazula zitsulo ndi mitanda yake, miyala ikuluikulu ija n'kuichotsa kapena kuiphwanya, n'kutsira tsakalabwe wosalala kapena phula. Chotsala ndi njira yopapatiza, mamita atatu kapena kuchepera, imene galimoto siiloledwa. Ku America njira ya Elroy-Sparta m'chigawo cha Wisconsin inatsegulidwa mu 1967, yotalika makilomita oposa 50, ndipo imatchulidwa kuti ndi imodzi mwa zoyambirira. Mu 1986 kunabadwa bungwe la Rails-to-Trails Conservancy loti lizilimbikitsa ntchito imeneyi. Ku Britain lipoti la Beeching la 1963 linatsekesa njanji zambirimbiri, ndipo zina mwa izo ndi zimene lero anthu amapalasamo njinga: ya pakati pa Bristol ndi Bath, komanso Camel Trail ya ku Cornwall imene imatsata mtsinje mpaka kukafika kunyanja yamchere pa Padstow. Pa iyi yomalizayi anthu amaimika njinga n'kumaonerera mbalame za m'matope madzi akaphwera. Ku New Zealand kuli ya Otago Central, makilomita 150, yotsegulidwa mu 2000.

Chifukwa chimene msewu wa sitima umakomera wopalasa njinga chagona pa magudumu a sitimayo. Chitsulo chikamagubuduka pa chitsulo chinzake sichigwira kwambiri ngati mmene tayala la mphira limagwirira phula. Izi zimathandiza kuti injini imodzi ikoke mabogi ambiri olemera, koma ikafika pachitunda magudumu amangoterereka. N'chifukwa chake omanga njanji amadana ndi chikweza. Pa mamita 100 aliwonse amalola kuti ikwere mita imodzi kapena ziwiri basi. Pakakhala phiri amalizungulira kapena kulidula, pakakhala dambo amaunjika dothi n'kupanga mtumbira wautali, pakakhala mtsinje amamanga mlatho. Makona akenso amakhala otambasuka chifukwa sitima sikhota mwadzidzidzi. Ntchito yonse yovuta, yosalaza dziko, inagwiridwa kale ndi makasu ndi mapiki a makolo athu. Wopalasa njinga pamsewu wotero sapuma mwawefuwefu, mutu suweramira pachiwongolero, ndipo maso amakhala ndi mpata woyang'ana m'mwamba ndi m'mbali. Gogo ndi mdzukulu wake angathe kuyendapo limodzi.

Nanga mbalame zimadzafunanji kunjanji? Apa ndi pamene nkhani imandikoka mtima, chifukwa palibe injiniya anakhalapo pansi n'kuganiza zokonzera mbalame malo. Zinangochitika. Dothi lopangira mtumbira ankalikumba pambali pomwepo, ndipo maenje amenewo mpaka lero amasunga madzi mvula itatha. Mumamera bango, kakombo ndi udzu wa m'madzi, mumaswana achule ndi nkhono, matemba ndi milamba zimalowamo madzi akasefukira. Kwa kakowa imeneyo ndi nkhokwe. Mtumbirawo umakukweza mita imodzi kapena ziwiri pamwamba pa dambo, ndiye umaona zimene woyenda pansi bango limamubisira. Kunsi kwa milatho ndi m'makalavati anamzeze amamata zisa zawo zamatope. Mapolo ndi nthambo zimakhala pokhalira mbalame zodya ziwala ndi agulugufe, zimene zimafuna malo okwera oti zizionera nyama. Komanso malo a m'mbali mwa njanji ndi a boma, salimidwa paliponse mpaka kumapeto, choncho timitengo taminga, milaza ndi misangu zimapulumukako pamene kwina konse kwasanduka minda. Kankhalango kopyapyala koteroko, kotalika makilomita ambiri, kamalumikiza dambo lina ndi linzake, ndipo mbalame zing'onozing'ono zimene zimaopa kudutsa pamtetete zimayenda m'menemo.

Tsono njanji yathu ino ndi yamoyo, ndipo ine sindikuifunira imfa. Inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwecho chimene mlatho wa Dona Ana unamalizidwa pa Zambezi, kotero kuti katundu wochokera ku doko la Beira ankatha kufika mpaka kunyanja yathu osatsitsidwa m'njira. Tauni ya Salima inakulira pa siteshoni, n'chifukwa chake ili kumtunda, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay, pamene Chipoka ndi pomwe sitima yapamtunda inkapatsirana katundu ndi yapamadzi. Kwa zaka zoposa 40 Salima inali mathero a njanji, mpaka dziko la Canada litathandiza kuionjezera kukafika ku Lilongwe mu 1979, kenako ku Mchinji. Mu 1999 inayamba kuyendetsedwa ndi kampani ya Central East African Railways. Dziko lopanda doko la kunyanja yamchere ngati lathu, limene mafuta ndi feteleza zimabwera kuchokera ku Nacala ndi Beira, silingazule zitsulo zake kuti alendo apalasepo njinga. Ngakhale a ku America anaona zimenezi: mu 1983 anakhazikitsa lamulo loti njanji yosiyidwa ikhoza kusandutsidwa njira ya anthu koma malowo n'kusungidwa osagawidwa, kuti sitima ikadzafunikanso idzabwerere. Chimene chingatiyenere ife ndi mtundu wina umene kumaiko amenewo ulikonso, wa njira yoyenda pambali pa njanji yogwira ntchito, yotalikirana nayo bwino. Ndipotu timinjira toteroto tilipo kale. Anatiponda ndi amayi opita kuchigayo, ana asukulu, ogulitsa makala ndi usipa.

Ndinene mosapsatira: pakati pa zitsulo si poyenda ndi njinga, ndipo mlatho wa sitima si powolokera. Sitima yodzaza katundu siima pomwe woyendetsa wakuonera, imapita mamita mazanamazana mabuleki atagwidwa kale. Kupita kwa apo ndi apo kwa sitima za kuno n'kumene kumapusitsa anthu, munthu amazolowera kuti kulibe kanthu. Miyala ya panjanji nayonso imadula matayala. Ine ndimayenda m'timinjira ta m'mbali ndi mumsewu, ndipo mitsinje ndimaolokera pamilatho ya galimoto.

M'dziko muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, malinga ndi buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006. Kwa dziko laling'ono chonchi ndi chuma chambiri. Chigwa cha Salima chili ndi gawo lake lalikulu chifukwa pamalo amodzi pakumana nyanja, madambo, minda ya mpunga, nkhalango ya milambe ndi milaza, ndi mapiri a Senga.

Mfumu yake ndi nkhwazi, yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu. Nthawi zambiri umayamba kuimva usanaione. Ikamalira imagadamitsa mutu chagada mpaka kukhudza msana, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalandizana, yaimuna mawu ake ang'ono. Yaikazi ndiyo yaikulu thupi, mapiko ake ikatambasula amapitirira mamita awiri. Tsiku lina kufupi ndi Chipoka ndinakhala pansi pa mkuyu ndikuyang'ana imodzi imene inali panthambi youma. Inakhala duu nthawi yaitali, mutu wokha ukutembenuka. Kenako inadzigwetsa, n'kutsetsereka mosakupiza mapiko, miyendo n'kuiponya kutsogolo, ndipo madzi anangoti phwa pang'ono. Podzuka inali ndi nsomba kuphazi limodzi, ikuphiriphitha. Sinanyowe ngakhale pachifuwa. Kunsi kwa zala zake kuli timinga tokhakhala tothandiza kuti nsomba yoterera isapulumuke, ndipo ikagwira yolemera kuposa mphamvu zake siitaya msanga, imapalasa madzi ndi mapiko ngati nkhafi mpaka kugombe. Ambiri akaona mbalame yaikulu yamawangamawanga ofiirira pafupi ndi nyanja amati ndi mtundu wina, pamene ndi mwana wa nkhwazi yemweyo. Mutu woyera uja umabwera patapita zaka zinayi kapena zisanu.

M'maenje a m'mbali mwa njanji sumalephera kupeza nantchengwa, ena amati katawa, akusuntha phazi m'matope kuti achule avumbuluke. Chisa chake chili ngati nyumba: mulu wa timitengo, udzu ndi matope pamphanda ya mtengo, wotambalala kupitirira mita, khomo lake laling'ono loyang'ana pansi, wolimba moti munthu angaimepo. Akasamuka mumalowa kadzidzi kapena njuchi. Tili ana akuluakulu ankatiletsa kuchiphwasula, ankati ukatero tsoka likutsata, ndipo ndikaona mmene zisa zimenezi zakhalira m'midzi momwe mitengo ina yonse inatha, ndimaona kuti mwambo umenewo unagwira ntchito yaikulu. Pamasamba a kakombo pamayenda mbalame yofiirira ya zala zazitali modabwitsa, imene m'mabuku imalembedwa kuti African jacana. Kwa iyo wofungatira mazira ndi kulera ana ndi bambo, ndipo pakabwera choopsa amawanyamula m'khwapa, timiyendo tokha n'kumalendewera kunsi kwa mapiko. Chiswankhono naye dzina lake limanena zonse: mlomo wake uli ndi mpata pakati, wopanira nkhono. Kunyanja kwenikweni kuli mphipi zimene zimayanika mapiko pamiyala, ndipo ndowe zake ndi zimene zimayeretsa matanthwe a pazilumba. Atsekwe ndi abakha am'tchire amachuluka kudambo la Mpatsanjoka, kumpoto kwa Senga Bay, limene odziwa mbalame ochokera kutali amalidziwa kuposa ife eni dera.

Za anamzeze ndiyenera kukhalitsapo pang'ono, chifukwa ndinakula ndikuganiza kuti onse ndi amodzi. Amene amamanga zisa kunsi kwa milatho ndi athu, amakhala kuno chaka chonse kapena amangosuntha mkati mwa Africa momwemu. Koma chigulu chija chimene chimadzaza nthambo za magetsi kuyambira Okutobala ndi Novembala, cha pakhosi pofiira ndi mchira wamphanda, n'chochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Kambalame kolemera magalamu pafupifupi 20, kosafika ndi kulemera kwa dzira la nkhuku, kamaoloka nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara kuthawa chisanu, n'kudzadya tizilombo touluka ta dzinja lathu. Kuno sikaikira mazira. Usiku amagona m'bango mwaunyinji, ndipo pofika Malichi ndi Epulo umangoona nthambo zayamba kuyera, abwerera. Choncho munthu akatentha bango la kudambo kwathu kuno, amakhala wagwetsa nyumba yogona ya mbalame imene mlimi wina wa ku Ulaya akuidikira m'khola la ng'ombe zake. Timbalame tina ta miyendo yaitali timene timathamangathamanga m'mphepete mwa madzi m'miyezi yomweyi timachokeranso kumpoto komweko.

Izi zikutanthauza kuti nyengo ya mbalame zambiri ndi yomweyo ya matope. Walira mvula walira matope: kuyambira Disembala mpaka Malichi mbalame zimakhala zitavala nthenga zaukwati, mpheta zazimuna zili chikasu chowala zikuluka zisa, koma dothi lakuda la m'madambo a Salima limamatirira kutayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Nthawi imene ndimaiona yabwino ndi Epulo ndi Meyi, madzi akadali m'maenje koma njira zitauma. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumazizira bwino, koma mwera umaomba kuchokera kumwera chakum'mawa, ndiye wopita ku Chipoka amalimbana nawo maso ndi maso. Nzeru yake n'kunyamuka m'mamawa mphepo isanakule, kuti pobwerera izikukankha kumsana. Okutobala ndi Novembala dzuwa la kuno silichita masewera, ikamakwana 9 koloko uyenera kukhala pamthunzi, koma ndi nthawi imene madzi amatsala m'malo ochepa ndipo mbalame zonse zimasonkhana pomwepo.

Njinga ili ndi mwayi umene galimoto ilibe ndiponso woyenda pansi alibe. Ilibe phokoso, choncho makutu amagwira ntchito, ndipo mbalame zambiri za m'tchire umazizindikira ndi kulira. Imakufikitsa madambo atatu kapena anayi m'mawa umodzi. Komanso mbalame za kuno zinazolowera njinga, zimaona mazanamazana tsiku lililonse, ndiye wodutsa akupalasa sizimulabadira. Chimene zimaopa ndi munthu woima mwadzidzidzi n'kuziloza. Ndinaphunzira kupitirira pang'ono, kutsika mofatsa, kugoneka njinga pansi, n'kukhala kaye osayang'ana komweko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa lizikhala kumsana kwako kuti mitundu ya nthenga ioneke, ndipo pa njira yathuyi m'mawa zimatanthauza kuyang'ana chakumadzulo, kumapiri. Belu ndimalimanga ndi kansalu kuti lisamalire m'mabampu, tcheni ndimathira oilo. Magalasi oonera patali, amene ambiri amangoti bainokyula, amathandiza, ndipo olembedwa 8x42 ndi okwanira: 8 akutanthauza kuti chinthu chimayandikira kasanu n'katatu, 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Koma opanda magalasi asagwe mphwayi. Nkhwazi, kakowa ndi nantchengwa safuna galasi. M'madzi a m'maenjemo musalowemo, muli nkhono za likodzo, ndipo m'mathiriro a mitsinje muli ng'ona ndi mvuu.

Tsiku lina tayala lakumbuyo linaphwa nditangodutsa Lifidzi, munga wa mtengo utalowa mpaka m'chubu. Ndinakankha njinga mpaka pamtengo wa mango pomwe bambo wina wachikulire amamata machubu. Akuviika chubu m'beseni kufuna pomwe pakutuluka thovu, anaona kabuku kanga.

"Kodi achimwene, mukulemba chiyani m'tchire muno?"

"Mbalame, bambo. Ndimalemba imene ndaiona, malo ake ndi tsiku."

Anaseka pang'ono, n'kupaka sulushoni, n'kuuzira kuti aume. Kenako anakweza chala. "Nanga iyo ikulirayo mwailemba?"

Sindinaimve n'komwe. Anandiuza kuti ili mumlaza wachiwiri kuchokera kunjanji, kuti imalira choncho m'mamawa ndi madzulo, ndiponso kuti chisa chake imamata ndi matope kunsi kwa makwata a mlazawo. Nditapita ndinaipezadi, kambalame kofiirira ka mzere wakuda wozungulira pakhosi ngati mkanda, kamene alendo amachita kulipira ndege kudzakaona. Bamboyo anali asanagwirepo buku la mbalame. Anaphunzira ali mnyamata, legeni ili m'khosi.

Apa ndi pomwe nkhani ya mbalame kwathu kuno imasiyana ndi ya ku Cornwall. Kwa ife mbalame ndi ndiwo. Zimagwidwa ndi ulimbo, misampha ndi maukonde, ndipo m'mbali mwa msewu timbalame tootcha totungidwa pakamtengo timagulitsidwa. Kwa mlimi wa mpunga ku Lifuwu mpheta ndi mdani, banja lonse limakhala kumunda kuyambira mbandakucha kuingitsa mbalame, ana mpaka kujomba kusukulu. Munthu wokhuta akafika ndi magalasi ake n'kumudzudzula mlimi ameneyo, sanamvetse kanthu. Komabe ndi zoona kuti ukonde wotchera usiku pogona mbalame susankha, umakola ndi zofungatira mazira zomwe. Ku nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, alenje a mbalame anapanga magulu awo oika malamulo a nyengo ndi malo osakira, ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito yonga yomweyo ndi anthu a ku Chia, m'boma la Nkhotakota. Njira imeneyi ndimaikhulupirira chifukwa imayamba ndi kuvomereza kuti mlenje ndiye katswiri. Amadziwa pogona, pomwera ndi mwezi woswana. Ngati mlendo angamulipire kuti amuonetse mbalame yamoyo, ndipo mawa n'kubweranso mlendo wina kudzaona yomweyo, mlenjeyo saona chifukwa choiphera.

Zina mwa zimenezi zinayamba kale. Ku Kuti, malo osungira nyama a kufupi ndi tauni, alendo amayenda pa njinga pakati pa mbidzi ndi agwape chifukwa kulibe zilombo zolusa. Zilumba za Maleri zili m'gulu la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaizindikira ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Chimene chikusowa ndi ulusi wolumikiza malo amenewa ndi midzi ya pakati pake, ndipo njanji ndi misewu yafumbi yopita kunyanja ndiwo ulusiwo. Sipafunika phula. Pafunika kuti a njanji, a khonsolo ndi mafumu agwirizane za malire, timilatho ta anthu ndi njinga pa timitsinje tating'ono, tsakalabwe m'malo a matope, ndi mitengo yamthunzi. Woyamba kupindula sangakhale mlendo. Angakhale wa kabaza amene lero amapanikizana ndi mathiraki pa M5 atanyamula mayi ndi mwana kumsana, ndi wa makala amene galimoto ikaliza hutala amagwera m'ngalande ndi matumba ake. A kabaza omwewo, amene amadziwa kanjira kalikonse, akaphunzira kuphatikiza maina a Chichewa ndi a m'mabuku angathe kutsogolera alendo. Ndipo mainawo afunika kulembedwa msanga, chifukwa ana ambiri a m'tauni mbalame iliyonse yaing'ono amangoti mpheta, pamene agogo awo ankasiyanitsa timba, pumbwa, songwe, lumbe ndi gogomole.

Ndikafika ku Chipoka dzuwa limakhala litakwera. Ndimaimika njinga pafupi ndi pomwe zitsulo zimalowera kudoko, n'kugula chambo chootcha kapena usipa ngati ndalama yachepa, n'kutsegula kabuku kuwerenga za tsikulo. Mbalame zakuda ndi zoyera zogwira nsomba zimakhala zikunjenjemera m'malere pamwamba pa madzi, mlomo woloza pansi, kenako chubwi. Patali pa nyanja nthawi zina pamakwera utsi wa nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja. Ulendo wapitawu mnyamata wina wa zaka ngati khumi anaima pambali panga nthawi yaitali, legeni m'thumba la kabudula, mpaka ndinamupatsa magalasi. Anawalozetsa kumtengo kumene kunali nkhwazi, n'kubwerera m'mbuyo ndi mantha poiona ili pamphuno pake. Kenako anawabwezeranso kumaso.

"Ankolo, ikundiyang'ana."